Duwa Lomwe Tinalimiza M'chitini

Msomali uja ndikadali nawo. Ndi wautali ngati chala changa chapakati, wopindika pang'ono kumutu, ndipo dzimbiri laudya moti ukaugwira zala zimafiira. Umakhala m'kabotolo ka mafuta odzola pamodzi ndi singano ndi mabatani. Ana anga autayapo kawiri, ndipo kawiri konse ndakautola kudzala. Amati ndimasunga zinyalala. Ndimangowayang'ana, chifukwa nkhani ya msomali umenewu ndikati ndiiyambe mawu amakwera okha, anthu oyandikana nafe n'kumayesa kuti m'nyumba muli ndewu.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili giredi sikisi, pamene amayi anandichotsa kwathu ku Zemba n'kukandisiya kwa amalume ku boma la Chadiza. Sukulu ya kwathu inali kutsidya kwa mtsinje, ndipo mvula ikalimbika tinkatha masabata osawoloka. Bambo anali atamwalira kale. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anali mwini mbumba, ndipo kwathu zimenezi sapemphana nazo mogwada: mwana wa mlongo wako ndi wako, ukapeza bwino umamutenga. Anali kalaliki mu ofesi ina, munthu wa malaya osita, woyankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa khanda. Anavomera pamaso pa abale onse kuti adzandiphunzitsa mpaka ndimalize. Ndiye kuti sakanatha kundibweza kumudzi popanda chifukwa chomveka chokauza abalewo. Mfundo imeneyi muisunge, poti ine nthawi imeneyo sindinaione.

Akazi awo a amalume ndinkawatchula kuti aanti. Sanandimenyepo ngakhale tsiku limodzi, izo ndinene zoona. Iwo chida chawo chinali kupuma mokweza ndikalowa m'chipinda, ndi kupukutanso mbale yomwe ndapukuta kale. Ndinkagona pamphasa m'kachipinda kosungira matumba a chimanga. Kumayambiriro kwa Seputembala, sukulu zitangotsegulira, anabweretsa matiresi atsopano ali m'pulasitiki mwake n'kuwatsamiritsa kukhoma m'kachipinda kangako. Anali a maluwa obiriwira, onunkhira kusitolo. Nditawadina ndi chala, aanti anandiona. "Usakhudze, nthawi yake sinakwane." Ine m'mutu mwanga ndinamva lonjezo. Ndinati ndikagwira bwino ntchito, nthawiyo ikwana.

Ntchito yaikulu pa zonse inali duwa. Aanti ankalitchula kuti duwa ngakhale silinachitepo maluwa. Kanali kachomera kakafupi, masamba ake onenepa, otuwa ngati awazidwa ufa, okhala mozungulira ngati kabichi wamng'ono. Amayi abusa anali atabwera nato tingapo kuchokera ku Chipata n'kugawira azimayi a gulu la Lachinayi, aliyense kake. Basi pamenepo mpikisano unayamba osalengeza. Aanti anatenga chitini cha penti, anachitsuka, anachipaka utoto wabuluu, n'kubzalamo. Poyamba chinkakhala pakhonde ndipo duwalo linali bwinobwino, palibe amene ankalilabadira kupatula kulidonthezera madzi akakumbuka. Tsiku lina mbuzi ya oyandikana nafe inafika n'kulinunkhiza. Tsiku lomwelo chitini chinalowa pabalaza, pakatebulo ka pafupi ndi zenera, kuseri kwa makatani okhuthala omwe sankatsegulidwa kuopa kuti dzuwa lisuwitsa mipando. Ndipo anandipatsa ine. "Ili ndi lako. Likafa, udziwe chochita."

Okutobala wa ku Chadiza mumamudziwa. Malata amathetheka pamutu, nyenje zimalira mpaka m'makutu mumatsala phokoso, phula wa pamsewu amamata pasilipasi. Mpopi wathu unkatulutsa mpweya wokha, ndiye madzi ndinkakatunga kumjigo ndisanapite kusukulu. M'mwezi umenewo masamba a duwa lija anayamba kugwada. Akunja anapindikira pansi ngati akufuna kugwira mkombero wa chitini, ndipo pakati panayamba kutalika, kuwezuka, kupendekera kuzenera. Aanti anaima, manja m'chiuno, n'kunena kuti sindikulithirira. Ndinkalithirira kamodzi pa tsiku. Anati kawiri.

Amayi ankabwera kumapeto kwa mwezi pa njinga, atamanga thumba la mtedza kumbuyo kudzagulitsa kumsika. Akatha kugulitsa ankadutsira kwathuko, n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko, mipando yonse ili yopanda munthu. Ndinawanong'oneza za duwa. Anakwawira pafupi, analiyang'ana ndi maso a munthu amene walima chibadwire, n'kugwedeza mutu. "Ili ndi ludzu, mwana wanga. Chimanga chikapinda masamba chonchi chimakhala chikupempha madzi. Usaliumire." Loweruka lotsatira, lomwe silinali tsiku lawo lobwera, anapalasa mtunda wonse uja kudzandipatsa timapepala tiwiri ta shuga: m'kena munali dothi lakuda la kudambo, m'kena manyowa a mbuzi osinja bwino. Anati ndizithirira m'mawa, masana ndikaweruka, ndi madzulo.

Amayi sindiwaimba mlandu, ndipo wina asayese kutero ndili pomwepo. Munthu amene waonapo munda wonse ukupinda masamba mu Febuluwale mvula itadula, amadziwa chinthu chimodzi: tsamba lopindika ndi njala ya chaka chamawa. Mudzi wathu wonse ukanayankha chimodzimodzi. Iwo anandipatsa nzeru yabwino kwambiri yomwe anali nayo, ndipo nzeru imeneyo ndi yomwe inalimiza duwa.

Ndinathirira, abale inu. Ndinkadzimana madzi osamba kuti kapu ya duwa isaperewere. Dothi la kudambo lija linasanduka phala, pamwamba pakuchita ndere, ndipo tintchentche tating'ono tinkauluka ndikagunda chitini. Masamba apansi anatupa, anachita chikasu, anayamba kuwala ngati matuza a moto. Ukangowakhudza ankathothoka okha. Pabalaza panayamba kumveka kafungo ka kudambo, aanti n'kumati ndine amene sindikukolopa. Ine poona kuti likuipirabe ndinkawonjezera madzi. Masamba othothokawo ndinkawabisa m'thumba la yunifolomu, ngati kuti osawaona ndiye kuti sanagwe.

Kenaka linafika Lachinayi lomwe azimayi anasonkhana kwathu. Ankasinthana nyumba, ndipo kulikonse kumene apita ankayamba ndi kuona duwa la mwini nyumba. Wina anati lake labala tiana titatu. Wina anati lake saligwira n'komwe, lili pakhonde, koma likusefukira m'chitini. Taonani, yankho linanenedwa pomwepo, m'chipinda chomwecho, ndipo palibe amene analimva. Ine ndinali nditagwada ndi beseni, ndikuwasambitsa m'manja. Aanti anapuma mokweza muja ankachitira. "Kuno chilichonse chikufota chaka chino, chilandirireni alendo. Paja kwawoko gule sanasiye." Maso onse anatsikira pa ine. Mayi amene ndinkamuthira madzi anabweza manja ake asanamalize kusamba.

Ine ndine munthu wopemphera, ndipo mpingo sindiunyoza. Koma zimene zinachitika masana amenewo mpaka lero zimandiwiritsa magazi. Azimayi akuluakulu asanu ndi atatu, ena a iwo aphunzitsi, ena anamwino, anazungulira chitini cha penti n'kudzudzula mizimu ya ku Zemba, mwana wa ku Zembayo ali chigwadire pakona ndi beseni. Palibe mmodzi amene analowetsa chala m'dothi. Pomaliza anapempherera jagi ya madzi n'kuikhuthulira yonse m'chitini chomwe chinali kale chithaphwi. Ndiye wina anandisisita pamutu n'kunena kuti mwana alibe mlandu, mlandu uli ndi omutuma. Ponena omutumawo ankatanthauza amayi anga, amene anapalasa njinga ndi manyowa a mbuzi.

M'mawa mwake kusukulu sindinamve kanthu. Aphunzitsi athu a sayansi anali bambo wachikulire, wa choko mpaka m'nsidze, amene ankakonda kufunsa funso n'kuyembekeza mpaka kalasi yonse itatopa. Pa nthawi yopuma anandipeza ndatsala ndekha, ndikuyala masamba aja padesiki. Ndinawafotokozera mwachibwibwi, za gule ndinasiya. Anatola tsamba limodzi, analifinya pakati pa zala, madzi n'kuchucha. Analinunkhiza. Anandifunsa kuti ndimathirira kangati, ndipo nditayankha anavula magalasi.

"Iwe, nkhadze ya kumanda amaithirira ndani?"

Ndinati palibe. Anati nanga khonje, nanga alovera wa kuseri kwa ofesi ya ahedi? Zomera za masamba onenepa, anatero, zimasunga madzi m'masamba momwemo, ndiwo mtsuko wake. Zikamva ludzu tsamba limakwinyika, limapyapyala, limafewa koma lili louma, ndipo ukathirira kamodzi mawa lake ladzuka. Koma tsamba lotupa, lachikasu, lothothoka lokha, ndiye kuti mizu ili m'madzi ndipo yayamba kuola. Mizu yoola siimwa, ndiye chomeracho chimafotadi ngati chaludzu chili m'kati mwa chithaphwi, mwini wake n'kumawonjezera. Kugwada kwa masamba kuja poyamba, anati, sikunali ludzu konse ayi. Linkafuna kuwala, linkadzitambasula kuti ligwire kadzuwa kochepa komwe kankadutsa m'makatani. Kenaka anafunsa ngati chitinicho chili ndi mabowo kunsi. Ndinati chilibe. Anapita kukhoma, anachotsa kalendala, anagwedeza msomali womwe inkapachikidwapo mpaka unazuka, n'kundiika m'manja. Kalendalayo inakhala pawindo mpaka tinatsekera.

Loweruka aanti anapita kuukwati ku Zingalume. Amalume anali pakhonde ndi wailesi, akumvera mpira. Ndinanyamula chitini n'kuzungulira nacho kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Nditachipendeketsa, madzi akuda anatuluka ndi fungo loti nkhuku zomwe zinathawa. Mizu inali bii, yoterera, ikuduka m'zala ngati ulusi wovunda. Ndinadula yoola yonse ndi lezala monga anandiuzira aphunzitsi, kunatsala timizu toyera towerengeka ndi kamutu ka pakati. Ndinakayanika pamthunzi kuti mabala aume. Ndiye ndinavundikira chitini, ndinatenga mwala, n'kuyamba kukhoma msomali.

Phokosolo linawadzutsa amalume. Ndinaona nsapato zawo zitaima pafupi ndi dzanja langa. Anagwada, anatola muzu umodzi woola, anaununkhiza, n'kupukuta zala paudzu. Anandifunsa amene wandiuza, ndinati aphunzitsi. Anayang'ana mabowo asanu omwe ndinali nditaboola. Anatenga mwala uja m'manja mwanga n'kuboola lachisanu ndi chimodzi pakati penipeni, mwaluso, kamodzi kokha. "Umalize msanga, aanti ako asanabwere." Anabwerera kumpira wawo. Anaona ndi maso awo, ananunkhiza ndi mphuno yawo, bowo limodzi linali lawo.

Ndinasakaniza mchenga wa kumtsinje ndi dothi pang'ono, pansi ndinayala timiyala, ndinabzala, n'kubweza chitini pakatebulo ndi kambale kunsi, kobisika ndi nsalu yoluka. Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka wabodza. M'mawa ndi madzulo ndinkalowa pabalaza ndi kapu, ndinkaigunditsa pachitini kuti aanti amve ali kukhitchini, madziwo n'kukawathira pampiru kuseri. Posesa ndinkakankha katani pang'ono, mpata wa chikhatho chimodzi, kuti dzuwa la m'mawa lifike. Ndinkalowetsa chala m'mchenga mpaka pamfundo yachiwiri, ndipo ndinkathirira pokhapokha chikatuluka chouma. M'masabata atatu ndinathirira kawiri.

Mvula yoyamba inagwa, fumbi linanunkhira, ngumbi zinatuluka ana n'kumathamanga ndi mabeseni. Pakati pa duwa panatuluka timasamba tatsopano, tolimba, tothinana, toloza kumwamba, nsonga zake zofiirira. Ndinkatiwerenga ndisanapite kusukulu. Ndinkayenda ngati ndakhoza mayeso a dziko lonse, ndipo pogona ndinkayang'ana matiresi aja n'kumasankha mbali yomwe ndidzaike mutu. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Titatsekera sukulu, amayi anaitanidwa. Anafika thukuta lili kamukamu, anakhala pamalo pawo pafupi ndi chitseko. Amalume anali pampando waukulu, aanti pambali pawo, duwa lili pakatebulo litaimirira bwino. Aanti ndiwo anayankhula. Anati chaka chonse m'nyumba mwawo munalibe mtendere, ndipo duwa la kutchalitchi ndilo linaonetsa poyera. Anati iwo ndi amuna awo anapemphera n'kugwirizana kuti mwanayu abwerere kwawo, ndipo sabata yomweyo imene anagwirizana, duwa linayamba kuchira lokha. "Alamu, onani nokha. Ine sindikunena kanthu, koma chizindikiro ndi chimenecho."

Mwana sayankhula akulu akukamba, ndipo ine ndinaleredwa bwino. Koma tsiku limenelo ndinadzuka. Ndinathamangira kukachipinda, ndinasolola msomali pansi pa mphasa, n'kubwera nawo. Ndinafotokoza zonse, za mizu, za mchenga, za nkhadze ya kumanda, mawu akuphonyana m'kamwa. Ndinali wotsimikiza kuti akangomva, nkhani yatha. Aanti ananyamula chitini, anasuzumira kunsi, anaona mabowo. Anayang'ana msomali uli m'manja mwanga ngati ndagwira njoka. "Misomali pansi pa mphasa, m'nyumba mwanga. Za kumanda zomwe akuzitchula yekha. Mwamva nokha, bambo."

Ndinatembenukira kwa amalume. Sindinawapemphe kanthu, ndinangowayang'ana, poti panalibe chovuta: anangofunika kunena kuti ndinaliona duwalo, linali litaola, bowo lina ndinaboola ndine. Mawu osakwana khumi. Anayang'ana nsonga ya nsapato yawo nthawi yaitali, ngati pali cholembedwa. Kenaka anati, "Mlongo wanga, mwanayu akapume kaye kumudzi. Tiona chaka chamawa."

Chimene chimandipweteka kuposa zonse ndi chomwe chinatsatira. Amayi anagwada bwinobwino, anaomba m'manja, n'kupepesa. "Pepani alamu, mwana walakwa, wakuonongerani chitini." Mayi wamasiye, amene sanabepo nkhuku ya munthu, kupepesa chifukwa cha chitini cha penti, pamaso pa mlongo wake wobadwa naye bere limodzi, amene mayiyo anamubereka kumsana ali khanda. Amalume anamwalira zaka zapitazo, ndinapita kumaliro, ndinaphika, ndinalira monga mwa mwambo. Koma kunena kuti ndinawakhululukira kungakhale kunama, ndipo bodza langa linathera pa kapu ija.

Chaka chamawa chija sichinafike. Ndinabwerera kusukulu ya kutsidya kwa mtsinje, ndinabwereza kalasi, mayeso a giredi seveni ndinalemba mochedwa ndi zaka ziwiri, ndipo sukulu sindinapite nayo patali. Lero ndimagulitsa mbande ndi maluwa m'mbali mwa msewu ku Chipata. Anthu amaima ndi magalimoto awo, amanditulutsira zomera zopindika masamba m'miphika yokongola yopanda bowo, n'kumati mwina wina wazilodza, akuseka. Ine sindiseka. Ndimalowetsa chala m'dothi, ndimatembenuza mphika, ndimafunsa kuti chimakhala pati ndipo dzuwa chimaliona nthawi yanji. Ndimasuzumira m'makwinya mwa masamba ngati muli tizilombo toyera tonga thonje, poti natonso timapinditsa. Ndikamaliza ndimafunsa kuti kunyumbako amathirira ndani. Akati kamtsikana kantchito kapena kamwana ka achibale, ndimawauza mosapsatira kuti vuto ndi mphika wawo, mwanayo amusiye.

Tsiku lija tinanyamuka dzuwa litapendeka. Amayi anamanga kachikwama kanga kutsogolo, ine ndinakhala pakaliyala pomwe pankakhala thumba la mtedza. Podutsa pazenera ndinaona katani itatsegulidwa yonse, koyamba chibwerere changa, duwa lili padzuwa. Msewu wa ku Zemba unali wofewa ndi mvula, m'minda anthu akubzala. Amayi ankangopalasa. Titapitirira mlatho ndinawagwira malaya n'kufunsa kuti nanga matiresi anga adzanditumizira liti, popeza duwa lachira. Amayi anaimitsa njinga, anatsika, n'kuyamba kuikankha ine ndili pomwepo. Panalibe chitunda, msewu unali wosalala, ndipo sanacheuke.

Mu Januwale mng'ono wawo wa aanti anafika kudzayamba sukulu ku boma, ndipo anagona m'kachipinda kaja, pamatiresi a maluwa obiriwira omwe anagulidwa mu Seputembala, tsamba loyamba lisanapindike. Izi ndinazimva patapita nthawi. Pamsewu paja ndinali ndisanadziwe kuti munthu angathe kuchiritsa duwa, mlandu wake n'kukhala uli chigamulire kuyambira kale. Ndinkaganiza kuti pangochitika kusamvana, kuti amalume anachita manyazi pamaso pa akazi awo koma madzulo awafotokozera za mizu ija, ndipo Loweruka atuma munthu kudzanditenga. Ndiye ndinafumbata msomali wanga mwamphamvu ulendo wonse, kuti akadzandiitana ndisadzapite wopanda umboni.